Kapepala ka m'Chipewa cha Nicanor

Ku Almorza kuno kunalibe munthu wosawadziwa mayi Casilda Bermejo, ndipo tisanamizane, owakonda anali owerengeka. Ndiwo ankasunga zolemba zakale za chigawo chathu chonse, m'zipinda zapansi pa holo ya mzinda. Anali mayi wamtali, wouma thupi, wa magalasi ochindikala, woti akanatha kukubweza pakhomo chifukwa choti zala zako zikununkha nsomba. Nyengo yozizira ankaithera m'zipindamo, akusanja mapepala a anthu amene mafupa awo anasanduka dothi kalekale. Dzuwa likayamba kuwotcha ankakwera kuphiri la ku Torrecana, mudzi wa ulendo wa maola anayi pangolo, kukafukula mabwinja a anthu amakedzana.

Lamulo lawo linali limodzi, ndipo aliyense wogwira nawo ntchito ankaliloweza asakufuna: "Chinthu chopanda pepala ndi mwana wamasiye." Kaya ndi phale, kaya ndi msomali wadzimbiri, chinkayenera kukhala ndi khadi lake lonena kuti chapezeka pati, tsiku liti, ndipo wabwera nacho ndani. Anthu ankawaseka kuseri. Koma pakabuka mkangano wa malire a munda onse ankathamangira komweko, chifukwa zinkadziwika kuti chimene mayi Casilda adindapo chidindo chawo ngakhale woweruza sachitsutsa.

Wowaseka pamaso anali mmodzi yekha, Nicanor Olmedilla wa ku Torrecana, mwini ngolo ndi nyulu yokalamba yotchedwa Condesa. Kwa zaka khumi ndi zinayi ndiye ankawanyamulira mabokosi, komanso ankatsogolera amuna okumba kuphiriko. Kuwerenga sankadziwa, ngakhale dzina lake lomwe.

"Mayi, miphika yosweka ngati iyi kwathu yadzaza kuseri kwa nyumba," ankatero akukweza bokosi. "Mkazi wanga Práxedes amaswa umodzi sabata iliyonse, nthawi zina pamutu pangapa. Ndikubweretsereni?"

"Ikakwanitsa zaka zikwi ziwiri mubwere nayo, a Nicanor. Gwirani bwino bokosilo."

"Nanga mutuwu simuulembera khadi?"

"Zopanda kanthu m'kati sitilemba."

Nkhondo inafika mu Julaye 1936. Akazembe ena anaukira boma, Spain yense anang'ambika pakati, ndipo ife a ku Almorza tinangopezeka tili mbali ya boma popanda wotifunsa. Apolisi anazimiririka, mphamvu inagwera m'manja mwa makomiti a anthu ogwira ntchito. Mkwiyo umene amphawi anausunga zaka zambirimbiri unaphulikira pa matchalitchi, poti ansembe ankaoneka kuti amadyera mbale imodzi ndi eni minda. Sabata yoyamba yomweyo mayi Casilda anaona ndi maso awo mabuku a ubatizo a zaka mazana anayi akuyaka pabwalo la msika, anthu akuwomba m'manja. Anabwerera kunyumba kwawo, anasanza, kenako anasukusula n'kulunjika ku komiti.

Mkulu wa komiti anali Fulgencio Rabadán, wosoka nsapato, amene tsopano ankayenda ndi mfuti m'chiuno.

"Mwabwera kudzalirira mafano anu, mayi?"

"Ine kutchalitchi ndinasiya kupita inu musanamere ndevu, a Fulgencio. Ndabwera ndi funso. Anasema zibolibolizo ndani? Bishopu?"

"Amisiri."

"Amisiri anjala ngati inu nomwe. Ndiye pitirizani, wotchani thukuta la agogo anu."

Fulgencio anatukwana pang'ono, n'kukanda m'mutu. Tsiku lomwelo anawapatsa nyumba ya masisitere imene inali itatsala yopanda anthu, kuti azisonkhanitsiramo chilichonse chimene angachilanditse kumoto. Anayamba choncho, okhaokha ndi wilibala, akugogoda m'matchalitchi ndi m'nyumba za olemera amene anathawa. Chilichonse cholowa pakhomopo chinkalandira nambala ndi khadi, kuti nkhondo ikadzatha chidzabwerere kwawo.

Chakumapeto kwa Ogasiti, Lachinayi masana, Nicanor anatulukira ngolo ili yopanda kanthu, nthabwala zitamuthera.

"Mayi, Lamulungu likubwerali akuwotcha tchalitchi cha kwathu. Kwabwera anyamata a kwina pa lole, ati Torrecana yatsalira m'mbuyo. Wansembe wathu, bambo Eleuterio, abisala. Akazi a m'mudzi andituma, ati zina zonse zipse koma Amayi Akuda ayi."

Amayi Akuda chinali chiboliboli cha Maria, chamtengo, chachikulu ngati mwana wa zaka zisanu, nkhope yake itada bii ndi utsi wa makandulo a zaka mazana asanu ndi awiri. Mayi Casilda anachiyeza ndi manja awo kale, ndipo ankadziwa kuti m'chigawo chonse munalibe china chakale chotero.

"Kachichotseni mawa lomwe," anatero.

"Kuchotsa si nkhani, kiyi ali ndi mlamu wanga. Koma pakati pa kwathu ndi kuno pali marodibuloko atatu. Dzana pamlatho awombera munthu chifukwa cha kolona yopempherera m'thumba. Ine akandipeza ndi Maria wathunthu, mukuganiza andipatsa fodya?"

Ankanena zoona. Anyamata a pamsewuwo sankalabadira za wosunga zolemba, ankagwadira mawu amodzi okha, komiti. Mayi Casilda anakhala pa tebulo, anatenga pepala, cholembera chinakhala m'malere mpaka inki inadonthera pa tebulopo. Zaka makumi awiri ndi ziwiri za ntchito anali asanadindepo chidindo chawo pa bodza, ndipo mtima unkawawawa ngati akuba. Koma anaganiza za moto wa pamsika uja, n'kulemba kuti mwini pepalali, Nicanor Olmedilla, ndi membala wa komiti ya Torrecana, ndipo watumidwa kuchotsa zonse za m'tchalitchi cha m'mudzimo n'kuzipereka m'manja mwawo. Anasaina, anadinda, kenako anamuwerengera.

Nicanor anaseka mpaka kutsokomola. "Ine wa komiti! Práxedes akamva afa nalo phwete. Kunyumba kwanga komwe mu komiti mulibe dzina langa."

"Ndi bodza, a Nicanor, ndipo mulidziwe kuti ndi bodza. Mukangofika mundibwezere."

Iye anakapinda kanayi kapepalako, n'kukalowetsa m'kati mwa nsalu ya chipewa chake.

Loweruka anabwera nawo Amayi Akuda atawakwirira m'udzu ndi anyezi, pamodzi ndi mabuku khumi ndi limodzi a ubatizo ndi maukwati. Pamlatho, anatero, mnyamata wa mfuti anakagwira kapepalako chozondotsa, koma ataona chidindo anamukwezera chibakera, moni wa a komiti, n'kumutcha mnzathu. Lamulungu tchalitchi chinapsadi. Bambo Eleuterio anyamata a pa lole aja anawapeza m'nyumba yoyengera mafuta, anawatengera kumsewu, ndipo anawasiya m'ngalande atawapha.

"Kapepala kanga," anatero mayi Casilda atatha kulemba khadi.

Nicanor anagwira chipewa chake ndi manja awiri. "Iii, mayi, mwaiwala kale? Chinthu chopanda pepala ndi mwana wamasiye. Inenso ndapeza langa, mundisiyire."

Anamusiyira, poti maulendo ena anali adakalipo ambiri ndipo kapepalako kankagwira ntchito. Ndiyeno anachita zimene wosunga zolemba aliyense akanachita osaganiza kawiri. Kope la kalatayo analiika m'faelo, nambala 212, ndipo pakhadi la Amayi Akuda analembapo kuti wabwera nacho ndi Nicanor Olmedilla wa komiti ya Torrecana, chifukwa khadi ndi kalata siziyenera kutsutsana.

Za zaka zitatu zotsatirazo amene tinalipo sitikonda kuzikamba. Tinadya mphodza zofumbwa mpaka kuzidana nazo, kenako n'kuzisowa zomwezo. Ndege zinkabwera dzuwa likuswa mtengo, anthu ali pamzere wa buledi. Mayi Casilda anasamukira m'nyumba ya masisitereyo, ankagona pakati pa mabokosi, mazenera atawatseka ndi matumba a mchenga amene anasenza okha pamodzi ndi Nicanor. Bomba lina linagwetsa khoma lakumpoto, ndipo anatha masiku asanu ndi awiri akufukula mapepala m'zigumukire ndi kasupuni ndi kaburashi, monga ankachitira kuphiri kuja. Chisanu cha chaka chachiwiri kunabwera anthu othawa nkhondo, akufuna kuwaza mafelemu a zithunzi kuti awothe. Mayiwo anaima pakhomo n'kuwakaniza, ana akunjenjemera pamaso pawo, ndipo m'malo mwake anapereka mipando yawo, bedi lawo ndi chitseko cha chipinda chawo. Anthu anawatcha mfiti yopanda mtima. Iwo anapitiriza kulemba, ndipo nkhondo isanathe makhadi anakwana zikwi zitatu ndi mazana anayi.

Mu Malichi 1939 zinadziwika kuti boma lagonja. Fulgencio anabwera m'mawa wina atanyamula kachikwama, mfuti palibe, masaya atalowa m'kati.

"Ine ndikupita kunyanja, mwina ndipeza sitima. Mayi, makhadi anuwo muwotche."

"Mwapenga? Ndikawotcha, belu lililonse, buku lililonse muno lidzadziwa bwanji kwawo?"

"Pali maina a anthu pamenepo."

"Maina a anthu amene anapulumutsa zinthu."

Fulgencio anapukusa mutu. "Inu ndi sukulu yanu yonseyo, koma ayi ndithu. Ife tinali mbuli, mapepala tinkawotcha. Akubwerawa amawawerenga, mayi. Tsalani bwino."

Mawuwo anawakhala pamtima tsiku lonse. Anatsegula madirowa n'kuyang'ana maina limodzilimodzi. Ambiri anali a anthu amene anafera kunkhondo kapena anali atathawa kale. Mmodzi amene sakanathawa, poti sankadziwa kuti ali ndi chothawa, anali Nicanor. Anatulutsa kope la nambala 212 ndi khadi la Amayi Akuda, anatsegula chitofu, n'kuziponyamo. Analemba khadi lina lopanda dzina la wobweretsa. Kenako anapita kumsika, anapeza mayi wina wa ku Torrecana wogulitsa mazira, n'kumunong'oneza uthenga wapakamwa: akauze Nicanor kuti mayi Casilda ati awotche kapepala ka m'chipewa, lero lomwe.

Opambana, asilikali a akazembe aja, analowa mumzinda ndi ng'oma ndi mbendera, ndipo bwalo lochitira masewera a ng'ombe linadzaza akaidi sabata isanathe. Nyumba ya masisitere anaipereka m'manja mwa Kaputeni Ildefonso Arrieta, loya wachinyamata wa yunifolomu yosita bwino, waulemu mpaka kukuchititsa manyazi. Ataona madirowa a makhadi anavula chipewa. Madirowawo anawasamutsira ku ofesi yake, ndipo zinthu zinayamba kubwerera m'midzi, chilichonse kwawo. Mayi Casilda anayamba kupuma, akuganiza kuti mwina chimphepo chawadutsa.

Mu Meyi, m'mawa wina, anapeza mayi wamfupi wojintcha atakhala pakhomo pawo, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Anali Práxedes, mkazi wa Nicanor. Anayenda wapansi kuchokera ku Torrecana.

"Amutenga," anatero osapereka moni.

"Chifukwa chiyani? Uthenga wanga sunafike?"

"Unafika. Iye anaseka, ati wa mazirayo ndi wabodza, mayi Casilda sangauze munthu kuwotcha pepala, kumwamba kungagwe. Ine ndinamuchonderera, ndinafuna kukaba ali mtulo, koma amagona nacho chipewacho."

"Ndiye anamusecha?"

"Akanamusecha bwenzi zili bwino! Palibe amene ankamufuna. Kunabwera wansembe watsopano ndi asilikali, anatisonkhanitsa pabwinja la tchalitchi, n'kufunsa kuti Amayi Akuda anatuluka bwanji m'moto. Chitsiru changa chija chinaima, chifuwa patsogolo, n'kuvula chipewa. Ati ndine, umboni ndi uwu. Iye amangodziwa kuti kapepalako kamanena kuti ndiye anawapulumutsa. Za komiti zija ankati aliyense akudziwa kuti ndi nthabwala." Práxedes anawayang'ana m'maso. "Mchimwene wa bambo Eleuterio anali pomwepo. A komiti enieni anathawa onse, ndiye mlandu suwola, wagwera iye. Munalemba ndinu, mayi. Kafufuteni."

Mayi Casilda sanavale n'chipewa chomwe, anathamangira ku ofesi ya kaputeni. Kaputeni Arrieta anawalandira ataimirira, anawakokera mpando, n'kutulutsa kapepala kaja m'faelo. Kanali katada ndi thukuta la zaka zitatu, m'mopinda mutayamba kung'ambika, koma chidindo chinkaoneka bwinobwino.

"Dzanja ili ndi lanu, mayi?"

"Ndi langa. Koma zolembedwazo ndi zabodza. Munthuyu sanakhalepo mu komiti iliyonse. Ndinalemba choncho kuti adutse pamarodibuloko. Popanda iye chiboliboli chija chikanakhala phulusa."

"Ndiye mukuti munanama."

"Inde."

"Kangati?"

"Kamodzi."

Kaputeniyo anamwetulira, osati mwachipongwe, ndipo n'zimene zinawaopsa kwambiri. "Mayi, ine ndawerenga makhadi anu onse. Tatumiza zinthu m'midzi makumi asanu ndi limodzi, ndipo palibe n'kabelu komwe kamene kasochera. Kwa mkulu wanga ndinalemba kuti sindinaonepo ntchito yoona ngati yanu. Lero mukufuna ndikhulupirire kuti m'mapepala onsewo bodza lili pa limodzi lokha, ndipo mwamwayi ndi la mnzanu."

"Funsani a ku Torrecana."

"Ndafunsa. Onse akuti sakudziwa kanthu, anali kumunda." Anatsegula faelo ina. "Palinso ichi. Makalata anu akuchoka pa 211 kulumphira pa 213. Inu simulumpha nambala. Ili kuti 212?"

"Ndinaiwotcha," anatero mayi Casilda.

"Inu, kuwotcha pepala? Bodza munthu saliwotcha, mayi, amangoliseka. Chimene munthu amaponya pamoto ndi choona chimene chikumuopsa."

"Ndinanama kambiri!" anakuwa mayiwo, mawu atasasa. "Makhadi angawo ndi odzaza mabodza. Ndinkalemba zilizonse."

"Chabwino. Madirowa ndi awo. Ndipezereni bodza lina limodzi lokha, loti ndikaliyesa lipezeke kuti ndi bodzadi. Mukalipeza ndikhulupirira kuti ilinso ndi bodza, ndipo munthu wanu akagona kwawo."

Anawasiya ndi msilikali wowayang'anira, wopanda cholembera, wopanda inki. Ha, munthu kufunafuna cholakwa chake ngati wofuna ndalama yotayika! Anayamba ndi dirowa loyamba, zala zikuthamanga. Ankafuna tsiku lolakwika, muyeso wopotoka, dzina la mudzi losemphana, chilichonse. Khadi limene analemba tsiku la bomba, magazi akutuluka m'khutu, linali lolondola. Makhadi a nthawi ya chisanu, amene analemba zala zitauma, anali olondola mpaka kadontho. Ngakhale khadi latsopano la Amayi Akuda silinkanama, linkangokhala chete. Dzuwa linapendeka, msilikali anayamba kuyasamula, ndipo dirowa lomaliza linatsekedwa. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo mayi Casilda anadana nalo dzanja lawo.

"Mwaona?" anatero kaputeni mofatsa atabwerera. "Musadzinyoze, mayi. Inu simunama."

Mlandu unazengedwa Lachiwiri m'holo ya mzinda, pamwamba penipeni pa zipinda zawo za zolemba. Anali amuna khumi ndi anayi pa benchi imodzi, ndipo zonse zinatha ola lisanakwane. Nicanor anali atametedwa mpala, chipewa ali nacho m'manja, milomo itatupa. Mayi Casilda anapempha kulankhula, woweruza anati umboni wawo alandira kale, wolembedwa ndi wodindidwa. Kapepala kaja kanawerengedwa mokweza, mawu amene iwo anawasankha okha tsiku lija, akuti membala wa komiti, akuti kuchotsa zonse za m'tchalitchi.

Nicanor anatembenuka, anafunafuna mayi Casilda m'gulumo mpaka anawapeza. Sanaoneke wokwiya, ankangooneka wodabwa.

"Mayi, tawawerengerani inuyo," anatero. "Awa sakuwerenga bwino."

Msilikali anamugunda ndi thako la mfuti, ndipo woweruza anapitirira ku dzina lotsatira.

Nicanor ndi anzake aja anawawombera Lachisanu kukucha, pakhoma la manda. Phokoso lake tonse tinalimva, monga tinkalimvera m'mawa uliwonse mwezi umenewo, ndipo tonse tinapitiriza kumwa khofi wathu wa balere. Lamulungu lotsatira Amayi Akuda anabwerera ku Torrecana pa lole yokongoletsedwa ndi maluwa, ndipo wansembe analalikira kuti anatuluka m'moto mozizwitsa, popanda dzanja la munthu. A tchalitchi anaitana mayi Casilda kuti akakhale kutsogolo, iwo anati akudwala. Ntchito sanawachotse. Kaputeni anawalembera kalata yowayamikira.

Patatha sabata ziwiri Práxedes anabweranso, atavala zakuda, chipewa chija chili m'manja. Kundende anamupatsa chokhacho. Sanalire, sanatukwane, ndipo mayi Casilda akanakonda akanawatukwana.

"Sindinabwere kudzakangana," anatero. "Akuti inu mumadziwa nthaka. Nicanor ankati mukayang'ana dothi mumadziwa pamene munthu anagona zaka zikwi ziwiri zapitazo, mutu uli kuti, miyendo ili kuti. Tiyeni mukandionetse pamene ali. Ndingofuna podzaika duwa."

Anapita awiriwo masana, dzuwa likuswa mtengo. Mlonda wa kumanda anawalozera ndi chibwano kuseri kwa khoma, iye n'kulowa m'kanyumba kake. Kumeneko kunali mzere wa dothi lofiira lofukulidwa kumene, wautali kuposa bwalo la msika, laimu atayera m'mbali mwake. Panalibe mtanda, panalibe mwala, panalibe nambala.

Mayi Casilda anayenda m'mbali mwa mzerewo kuchokera kumapeto mpaka kumapeto. Anagwada, anatapa dothi, analifikisa m'zala. Maso awo ankaona zonse zimene anaphunzira kuona. Dzenjelo linakumbidwa ulendo umodzi, linkakwiriridwa pang'onopang'ono m'mawa uliwonse, ndipo anthu anawasanjikiza mizere inayi kapena isanu. Anabwereranso poyambira, anawerenga mapazi, anayesa kuwerengera masiku. Koma Lachisanu limenelo lokha malole anabwera atatu.

"Ali pati?" anafunsa Práxedes.

"Sindikudziwa."

"Yang'anitsitsani."

"Sindikudziwa, mayi. Penapake kuyambira pamtengo uwo kufika apa. Kuposa pamenepo ndinama."

Práxedes anayang'ana mtengowo, anayang'ana pamene iwo anaima, mtunda wa mapazi makumi atatu. Duwa limene anabisa m'malaya analitulutsa, analigwira kanthawi, n'kulibwezera momwemo.

Apo dzanja la mayi Casilda linali litalowa kale m'thumba lokha, monga linkachitira zaka zonsezi. Linatulutsa khadi loyera ndi pensulo. Ankafuna alembe dzina, tsiku, kutalika kwa dzenje, mtunda kuchokera pakhoma, ndiponso kuti mkono wake wamanzere unathyokapo pamene Condesa anamuponda, kuti wina wodzakumba m'tsogolo adzamuzindikire. Anali atalemba chilembo choyamba pamene dzanja lokhakhala la Práxedes linagwira lawo n'kulitsitsa.

"Ayi, mayi," anatero. "Musamulembenso."

Anawalanda khadilo, analipinda, analiika m'chipewa cha mwamuna wake, ndipo anauyamba ulendo wa ku Torrecana wapansi.